Mafomu Awiri pa Tebulo

Lero ndi usiku wachitatu mafomu ali pa tebulo.
Ina ndaitsamiritsa ku botolo la mchere,
inayo yadindidwa ndi kapu ya khofi ya Baltazar.
Kunja Valparaíso wayatsa nyali zake zonse m'mapiri
ndipo sitima ya padoko ikutsokomola mu nkhungu.
Ximena wagona ndi nsapato imodzi kuphazi.
Ali ndi zaka zinayi. Sakudziwa kuti nkhaniyi ndi yake.

Sukulu yoyamba ili pamwamba,
kumene chikepe chakale chimakafika chikukukuta mano.
Chipata chachitsulo, mlonda wa magolovesi oyera,
pansi posalala moti ndinadziona ndekha
ndi juzi yanga yothothoka batani.
Ana ankayenda pamzere, manja kumbuyo, zii,
ngati anawauza kuti mpweya ndi wogula.
Sisitere wamkulu anatiwerengera pa zala:
Chingerezi kuyambira chaka chino, piyano, dziwe losambira,
ndi mayina a amene lero ndi madokotala ku Santiago.
Atatchula fizi, Baltazar anayang'ana kudenga.
Ndinamumva akuwerengera mumtima makontena
amene adzayenera kukweza usiku, Loweruka, Lamlungu.

Inayo ili kumunsi, kuseri kwa msika,
komwe mphepo imabwera ndi fungo la nsomba ndi dizilo.
Nyumba yakale. Ndowa ziwiri pakona zikudikira mvula.
Pabwalo pali mkuyu umene mizu yake yang'amba simenti.
Aphunzitsi ake, a Leontina, utoto wobiriwira pachigongono,
sanayambe ndi ife.
Anagwada, nafunsa Ximena dzina la nkhono imene anali nayo m'thumba.
Mwana amene amabisala kuseri kwa siketi yanga akaona mlendo
analankhula mpaka belu linalira.
Chingerezi? Chidzabwera, anatero. Ayambe wadziwa kufunsa.

Baltazar akuti: Ine ndinaphunzira pansi pa denga lodontha.
Taona manja angawa. Ukufuna ake adzakhale chonchi?
Ine ndikuti: Ine ndinaphunzira pamwamba, pa chifundo cha ena,
mtsikana yekhayo wa yunifolomu yosiyiridwa.
Ndinatulukako ndi satifiketi, inde,
komanso ndi chizolowezi chodyera buledi wanga mobisala,
ndi mawu amene mpaka lero amayamba ndi pepani.
Ndiye tili pano,
aliyense akuthawitsa mwana ku sukulu imene inalera iyeyo.

Dzulo tinamufunsa mwini wake.
Anati akufuna ya mphaka wa diso limodzi.
Tinayang'anana.
Mphakayo si wa sukulu iliyonse,
amagona pa siteji ya basi pomwe njira ziwirizo zimasiyanirana.

Kenaka nthaka yagwedezeka pang'ono,
monga imachitira kuno ikafuna kutembenuka m'tulo.
Makapu alira m'kabati, botolo la mchere lagwa,
mafomu onse awiri atsetserekera pansi.
Takumana pakhomo pa chipinda chake, mapazi ali osavala,
osakumbukanso kuti ndani amanena chiyani.
Iye ali gone, kukamwa yasa,
nkhono ija ikukwera khoma pamwamba pa mutu wake
osafunsa aliyense njira.

Tabwerera. Ndasesa mchere ndi dzanja.
Baltazar watola mafomu, wawapukuta pa malaya,
watenga cholembera chimene chimafuna kuchihema kaye,
ndipo pa onse awiri walemba mosathamanga, ndi zilembo zikuluzikulu,
chokhacho chimene sitikutsutsana:
Ximena Aravena Lagos.

Mzere wosayinira uli mbee.
Tsiku lomaliza ndi Lachisanu.
Ndazimitsa nyali, ndagwada pansi pa bedi lake
kufufuza nsapato inayo,
chifukwa kulikonse kumene tingamutumize
adzapita ndi mapazi ake onse awiri.